Phunziro: Kuyeza kulemera ndi msinkhu wa ziweto ndi anthu pakhomo pathu

Kwa mamembala a sukulu za alimi za ku Dowa ndi Ntchisi

Cholinga cha phunziroli

Pomaliza pa phunziroli mudzatha:

1. kunena kulemera koyenera kwa mbuzi, ng'ombe, nkhumba ndi nkhuku zimene timaweta kuno;
2. kupeza kulemera kwa chiweto ndi tepi kapena chingwe, ngakhale mulibe sikelo;
3. kugwiritsa ntchito nambalayo pogulitsa, pomwetsa mankhwala, pokweretsa ndi podyetsa;
4. kuwerenga khadi la kusikelo la mwana wanu ndi kudziwa nthawi yothamangira ku chipatala.

Nthawi: maola awiri ndi theka.

Zipangizo: tepi ya telala, chingwe chosatamuka, rula ya mwana wasukulu, sikelo yopachika, thumba lopanda kanthu, chigubu cha malita asanu, kope ndi cholembera, foni yowerengera masamu, mbuzi zitatu zosiyana kukula, ndi makhadi a kusikelo a ana a mamembala amene alola.

Mawu oyamba

Nyengo yogulitsa soya ndi mtedza ikafika, palibe mlimi wa ku Mponela, Madisi kapena Malomo amene amalola kuti venda angoyang'ana thumba n'kutchula mtengo. Timaima pafupi ndi sikelo, diso lili pamuvi, ndipo ikaba ngakhale kilogalamu imodzi timakangana naye. Koma mlimi yemweyo akamagulitsa mbuzi amalola wogula kuigwira pamsana, kuinyamula pang'ono, n'kunena kuti, "Iyi ndi yopepuka, bambo." Mlimi sayankha kanthu chifukwa iye mwini sadziwa kuti mbuzi yake ndi makilogalamu angati.

Pomwetsa mankhwala a njoka za m'mimba timachitanso chimodzimodzi: timathira m'kabotolo mongoganizira. Chodandaulitsa kwambiri n'chakuti ndi ana athu omwe timatero. Mwana akangomaliza katemera, ambiri timasiya kupita naye ku sikelo, n'kumati bola akusewera ndi anzake.

Maso amanama. Mbuzi imene yangokhuta udzu ndi madzi imaoneka yonenepa. Mwana wotupa masaya ndi mapazi amaoneka wathanzi pamene ali pangozi. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Choncho phunziro la lero likunena chinthu chimodzi: yezani, lembani, ndipo mwezi wamawa muyezenso.

Zochita pagulu zoyamba: tiyese maso athu

Imikani mbuzi zitatu zija pabwalo. Aliyense aziyang'ane, azigwire, kenako alembe m'kope mwake makilogalamu amene akuganiza kuti mbuzi iliyonse ikulemera. Osaonerana. Mtsogoleri wa gulu alembe papepala lalikulu nambala yaing'ono kwambiri ndi yaikulu kwambiri imene yatchulidwa pa mbuzi iliyonse. Sungani pepalalo, tibwererako tikayeza.

Gawo loyamba: ziweto zathu zimalemera bwanji?

Nambala zili m'munsizi ndi za ziweto zokhwima ndiponso zathanzi. Si lamulo ayi, koma ndi poyambira kuti mudziwe ngati chiweto chanu chatsalira kwambiri.

- Mbuzi yachikuda yaikazi: makilogalamu 25 mpaka 30. Tonde: 30 mpaka 40. Kamwana kobadwa kumene: pafupifupi 2. Msinkhu wa mbuzi yaikulu kuchokera pansi kufika paphewa ndi masentimita pafupifupi 60.
- Mbuzi ya Boer: kwawo ku South Africa tonde amaposa makilogalamu 100, yaikazi imaposa 70.
- Ng'ombe yachikuda, ya mtundu wa Malawi Zebu: yaikazi 200 mpaka 300. Nkhunzi ndi ng'ombe zapangolo: 300 mpaka 400. Thole lobadwa kumene: pafupifupi 20.
- Ng'ombe yamkaka ya Friesian: 500 mpaka 600, ndipo thole lake limabadwa ndi 35 mpaka 40. Ya Jersey ndi yocheperako: 350 mpaka 450.
- Nkhumba yachikuda: 40 mpaka 70. Ya Large White kapena Landrace ikamadya bwino imafika 80 mpaka 100 pa miyezi isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri.
- Nkhuku yachikuda: thadzi kilogalamu imodzi mpaka imodzi ndi theka, tambala pafupifupi makilogalamu awiri.
- Nkhuku ya Mikolongwe: thadzi limaposa makilogalamu awiri, tambala amaposa atatu.
- Nkhuku yanyama yachizungu: pafupifupi makilogalamu awiri pa masabata asanu ndi limodzi.
- Kalulu woweta: makilogalamu awiri mpaka anayi.

Kumbukirani kuti chiweto chimodzi chomwecho chimasintha ndi nyengo. Kuno mbuzi zimamangiriridwa dzinja lonse poopa kuti zingadye mbewu, ndipo ndi nthawi yomweyo imene njoka za m'mimba zimachuluka. N'chifukwa chake mu Januwale ndi Febuluwale mbuzi zambiri zimakhala zowonda, n'kudzanenepa tikakolola zikayamba kuyenda momasuka m'mapesi ndi m'masangwi a mtedza. Ng'ombe nazo zimatsika thupi mu Okutobala ndi Novembala udzu ukauma kapena kupsa ndi moto wolusa, pamene ndi nthawi imene timafuna kuti zikoke ngolo za manyowa ndi feteleza.

Gawo lachiwiri: kuyeza

*Ngati muli ndi sikelo yopachika.* Yambani mwaiyesa sikeloyo. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye chigubu cha malita asanu chodzaza kufika pamzere chiyenera kuonetsa makilogalamu asanu ndi pang'ono chabe pa kulemera kwa chigubucho. Njira imeneyi muthanso kuyesera sikelo ya venda. Sikelo zochitira malonda zimayenera kuunikidwa ndi bungwe la Malawi Bureau of Standards, ndipo ndi ufulu wanu kufunsa ngati inaunikidwa.

Poyeza mbuzi, boolani mabowo anayi pathumba, lowetsani miyendo, mangani nsonga za thumbalo pamwamba pa msana n'kupachika pasikelo. Nkhuku ndi kalulu muziike m'thumba kapena m'ndowa, kenako muchotsere kulemera kwa ndowayo.

*Ngati mulibe sikelo, kapena chiweto n'chachikulu.* Tepi ya telala ndi yokwanira. Ngati tepi palibe, yezani ndi chingwe, gwirani pamene chalekezera, n'kuchiyeza parula. Tsatani njira iyi poyeza mbuzi, nkhosa ndi ng'ombe:

1. Yezani m'mawa chiweto chisanadye ndi kumwa.
2. Chiime pamalo osalala, miyendo yonse inayi ili chilili, mutu uli kutsogolo. Wina achigwire modekha.
3. Zunguzani tepi pachifuwa, kumbuyo kwenikweni kwa miyendo yakutsogolo. Pa ng'ombe yachikuda tepi idutse kumbuyo kwa linunda, osati pamwamba pake. Kokani kuti igone pakhungu koma osafinya. Lembani masentimita.
4. Yezani kutalika kwa thupi kuchokera pafupa lakutsogolo kwa phewa kufika pafupa la thako limene lili pambali pa mchira. Lembani masentimita.
5. Chulukitsani nambala ya chifuwa ndi iyo yomwe, kenako chulukitsani ndi kutalika, ndipo zimene mwapezazo muzigawe ndi 10,800. Yankho lake ndi makilogalamu.

Chitsanzo cha mbuzi: chifuwa 68, kutalika 60. Tikachulukitsa 68 ndi 68 tipeza 4,624. Tikachulukitsa ndi 60 tipeza 277,440. Tikagawa ndi 10,800 tipeza pafupifupi makilogalamu 26.

Chitsanzo cha ng'ombe: chifuwa 150, kutalika 120. Tikachulukitsa 150 ndi 150 tipeza 22,500. Tikachulukitsa ndi 120 tipeza 2,700,000. Tikagawa ndi 10,800 tipeza makilogalamu 250.

Nkhumba ili ndi kayezedwe kake. Chifuwa muyeza chimodzimodzi, koma kutalika muyeze pamsana kuchokera pakati pa makutu kufika potulukira mchira, ndipo mugawe ndi 14,400. Nkhumba ya chifuwa 95 ndi kutalika 100 ndi makilogalamu pafupifupi 63.

Tepi si sikelo. Ikhoza kuphonya ndi makilogalamu awiri kapena atatu pa mbuzi, kapena 20 mpaka 30 pa ng'ombe, ndipo imaphonya kwambiri pa chiweto chimene chili ndi bere lalikulu. Komabe imaposa maso kutalitali, ndipo munthu mmodzi yemweyo akamayeza mwezi ndi mwezi imaonetsa bwino ngati chiweto chikukwera kapena kutsika.

Zochita pagulu zachiwiri

Gawanani m'magulu atatu. Gulu lililonse liyeze mbuzi zonse zitatu ndi tepi, kenako ndi sikelo. Bwererani ku pepala lija. Ndani anayandikira? Amene anaphonya kwambiri anaphonya ndi makilogalamu angati? Akanakhala kuti akugulitsa, akanataya ndalama zingati?

Gawo lachitatu: nambalayi tichite nayo chiyani?

*Pogulitsa.* Butchala akamagwira mbuzi yanu amakhala akuwerengera mumtima nyama imene atulutsemo. Inunso werengerani. Mbuzi kapena ng'ombe ikaphedwa n'kuchotsa chikopa, mutu, ziboda ndi zam'kati, nyama yotsala imakhala pafupifupi theka la kulemera kwake, ndipo pa mbuzi yowonda imachepera apo. Nkhumba ndi nkhuku zimatsala ndi magawo asanu ndi awiri mwa magawo khumi.

Tiyerekeze kuti tonde wanu ndi makilogalamu 30. Nyama yake ikhala pafupifupi makilogalamu 13 ndi theka. Tiyerekezenso kuti pamsika nyama ya mbuzi ikugulitsidwa K10,000 pa kilogalamu. Ndiye kuti butchala apeza K135,000 pa nyama yokha, osawerengera mutu, zam'kati ndi chikopa. Iyenso ayenera kupindula, ndipo amalipira mayendedwe ndi chiphaso cha pamsika. Koma akatchula theka la ndalama imeneyi, inu muli ndi poyambira kukambirana. Musanatuluke pakhomo, funsani mtengo wa nyama wa sabata imeneyo ku Mponela, ku Mvera kapena pa Ntchisi boma, n'kuchita masamu anu.

Kope lanu lidzakuuzaninso nthawi yogulitsa. Ambiri timagulitsa mbuzi mu Januwale ndi Febuluwale chimanga chikatha m'nyumba, nthawi imene mbuzi ndi zowonda komanso ogulitsa ndi ambiri. Ngati mukudziwiratu kuti chimanga sichifika, n'kwabwino kugulitsa mbuzi ili ndi thupi, n'kugula chimanga chikadali chotsika mtengo.

*Pomwetsa ndi pobaya mankhwala.* Pafupifupi mankhwala onse a ziweto amaperekedwa potengera kulemera. Tiyerekeze kuti pabotolo palembedwa kuti mililita imodzi pa makilogalamu khumi alionse. Mbuzi ya makilogalamu 26 ifunika mamililita awiri ndi theka ndi pang'ono, pamene ng'ombe ya 250 ifunika 25. Mukapereka ochepa, njoka zofooka zimafa koma zolimba zimatsala n'kuswana, ndipo m'kupita kwa nthawi mankhwalawo amasiya kugwira ntchito m'khola lanu ndi la anzanu omwe. Mukapyoza muyezo mumataya ndalama, ndipo mankhwala ena amapha tiana ta mbuzi ndi matole.

Ngakhale akatswiri sachita zongoganizira. Mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi Majete kupita ku nkhalango ya Nkhotakota, imene imachita malire ndi Ntchisi. Njovu yamphongo yaikulu imatha kufika makilogalamu 6,000, kulemera kwa mbuzi 200. Madokotala a nyama ankapereka mankhwala ogonetsa molingana ndi kukula kwa njovu, moti muyezo wa yamphongo sunali wa kamwana. Lamulo lake ndi lomwelo m'khola la mbuzi.

Mukamamwetsa ziweto zambiri, zigaweni m'magulu a zofanana kukula, ndipo gulu lililonse mulipatse muyezo wa chiweto cholemera kwambiri m'gululo. Mankhwala ena a njoka amafuna muyezo wokulirapo pa mbuzi kusiyana ndi nkhosa, choncho funsani alangizi a ziweto musanamwetse. Safunsa anadya phula. Funsaninso masiku oyenera kudikira musanaphe chiwetocho kapena kumwa mkaka wake.

*Pokweretsa.* Msoti wa mbuzi umatha kuyamba kufuna tonde uli ndi miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, thupi lisanakhwime. Ukatenga bere nthawi imeneyo umapinimbira, umavutika pobereka, ndipo kamwana kake kamakhala kofooka. Dikirani mpaka ufike magawo awiri mwa magawo atatu a kulemera kwa mbuzi yaikulu. Pa mbuzi yachikuda ndi makilogalamu pafupifupi 18, ndipo pa ng'ombe yachikuda ndi pafupifupi 170. Samalani kwambiri ndi tonde wa Boer ndi mbewu ya Friesian. Ana ake amabadwa aakulu, ndiye musapereke kwa msoti kapena kwa yaikazi yaing'ono thupi.

*Podyetsa.* Ng'ombe imadya udzu wauwisi wokwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwake tsiku lililonse. Yachikuda ya makilogalamu 250 ifuna 25, Friesian ya 500 ifuna 50, ndiye kuti thumba la feteleza lathunthu kulemera kwake, tsiku ndi tsiku, kuwonjezera madeya ndi ndowa zingapo za madzi. Mbuzi ya makilogalamu 30 yomangiriridwa ifuna masamba ndi udzu wokwana makilogalamu atatu kapena anayi. Ngati pamene mwaimangirira sipangapezeke zimenezi, idulireni lukina, gilisidiya kapena nsenjere.

Gawo lachinayi: thupi lililonse ndi ntchito yake

Ena mwa inu mwaona nambala za Boer ndi Friesian n'kuyamba kunyoza ziweto zanu. Tisanatero, tiyeni tione anthu amasewera.

Usain Bolt wa ku Jamaica, amene anathamanga mamita 100 m'masekondi 9.58 ku Berlin mu 2009, ndi wamtali masentimita 195 ndipo ankalemera makilogalamu oposa 90. Eliud Kipchoge wa ku Kenya, amene mu 2019 ku Vienna anathamanga makilomita 42 m'nthawi yosakwana maola awiri, ndi wa masentimita 167 okha ndipo amangoposa pang'ono makilogalamu 50. Onsewa ndi akatswiri, koma mukawasinthanitsa mipikisano palibe angapambane. Mwawi Kumwenda, katswiri wathu wa mpira wamanja, ndi wa masentimita 183, ndipo msinkhu umenewu umamuthandiza pansi pa golo. Pa nkhonya ndiye sayamba n'komwe asanakwere sikelo. Isaac Chilemba wa ku Blantyre anatchuka m'gulu limene munthu saloledwa kupyola makilogalamu 79 ndi pang'ono.

Ziweto n'chimodzimodzi. Mbuzi yachikuda ndi ng'ombe ya linunda zili ngati Kipchoge: thupi lochepa, koma zimakwera mapiri a Kalira ndi Nalunga, zimapirira nkhupakupa ndi chilimwe, ndipo zimaswa ngakhale chakudya chili chochepa. Friesian imapereka mkaka wambiri pokhapokha pamene pali khola labwino, msipu wodzala, madzi apafupi ndi mankhwala a nkhupakupa. Musanagule chiweto chachikulu, werengerani makilogalamu a chakudya chimene chidzafune, ndipo mudzifunse ngati munda wanu ndi manja a pabanja panu angakwanitse. Cholinga chathu si kukhala ndi chiweto chachikulu kuposa cha mnzathu, koma kuti chimene tili nacho chifike pamene mtundu wake umayenera kufika.

Gawo lachisanu: ana athu

Ngati tikuyeza mbuzi mwezi ndi mwezi, nanga mwana? Apa ndiye pagona nkhani yaikulu.

Kafukufuku wa zaumoyo amene ofesi ya National Statistical Office inachita mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno anali opinimbira, kutanthauza kuti anali aafupi kwambiri poyerekeza ndi zaka zawo. Mu 2010 anali 47 mwa 100 alionse. Zinasinthako, komabe ndiye kuti mwana mmodzi mwa atatu. Vuto la kupinimbira n'lakuti silioneka. Ngati ana ambiri m'mudzi ndi aafupi, wanu amaoneka ngati ali bwinobwino, ndipo timangoti watengera agogo ake.

Kodi n'zoona kuti ndi mtundu? Miyezo imene ili pakhadi la kusikelo inatulutsidwa ndi bungwe la World Health Organization mu 2006, litayeza ana a ku Ghana, India, Brazil, Norway, Oman ndi United States. Linapeza kuti ana oyamwa bwino, odya bwino ndi otetezedwa ku matenda amakula mofanana m'zaka zisanu zoyambirira, kaya ndi a dziko liti. Nambala zapakatikati ndi izi:

- Pobadwa: makilogalamu 3 ndi pang'ono, masentimita pafupifupi 50. Wobadwa wosakwana makilogalamu awiri ndi theka amafuna chisamaliro chapadera.
- Miyezi isanu ndi umodzi: mnyamata 7.9, mtsikana 7.3.
- Chaka chimodzi: mnyamata 9.6 ndi masentimita 76, mtsikana 8.9 ndi masentimita 74.
- Zaka ziwiri: mnyamata 12.2 ndi masentimita 87, mtsikana 11.5 ndi masentimita 86.
- Zaka zisanu: onse makilogalamu pafupifupi 18 ndi masentimita pafupifupi 110.

Mwana wathanzi akhoza kupitirira kapena kucheperako pa nambalazi. Chofunika kwambiri ndi mzere wa pakhadi lake. Mzerewo uzikwera mwezi uliwonse. Ukagona miyezi iwiri yotsatizana, kapena ukatsika, musadikire kuti mwana adwale. Kambiranani ndi alangizi a zaumoyo tsiku lomwelo la sikelo.

Palinso kalamba koyezera mkono wa mwana wa miyezi isanu ndi umodzi mpaka zaka zisanu, pakati pa phewa ndi chigongono. Kakaonetsa kobiriwira, kupyola masentimita 12.5, mwana ali bwino. Kakaonetsa chikasu, pakati pa 11.5 ndi 12.5, wayamba kunyentchera. Kakaonetsa kofiira, pansi pa 11.5, pitani naye ku chipatala lero lomwe. Dinikizaninso chala pamwamba pa mapazi onse awiri n'kuwerenga mpaka katatu. Pakatsala kadzenje, kumeneko ndi kutupikana, osati kunenepa, ndipo mwanayo ali pangozi ngakhale sikelo ionetse kuti ndi wolemera. Chithandizo, kuphatikizapo chiponde, chimapezeka m'zipatala zathu.

M'mera mpoyamba. Msinkhu ndi nzeru za mwana zimamangidwa m'masiku 1,000 oyambirira, kuyambira pamene mayi watenga pakati mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri. Zimene zatayika nthawi imeneyi n'zovuta kuzibweza. Choncho mayi woyembekezera ayambe sikelo msanga ndipo azidya mokwanira. Mwana ayamwe bere lokha miyezi isanu ndi umodzi, kenako ayambe phala uku akuyamwabe mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira. Phala likhale lolimbirako, la mgaiwa, lothira nsinjiro, ufa wa soya wokazinga, dzira, usipa wosinja kapena masamba. Tsiku lililonse banja liyesetse kudya kuchokera ku magulu onse asanu ndi limodzi: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta.

Dowa ndi Ntchisi ndi maboma a soya, mtedza ndi nyemba. Musanaitane venda, patulani kaye za phala la mwana zokwanira chaka chonse. Mazira ena a nkhuku zanu alowe m'mbale ya mwana, onse asapite kumsika. Abambo, nkhani ya sikelo si ya amayi okha. Tsegulani khadilo muone mzere wa mwana wanu monga mmene mumaonera sikelo ya soya.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: ife akuluakulu

M'Malawi muno amayi ambiri ndi a masentimita pafupifupi 156, ndipo abambo pafupifupi 166. Kulemera koyenera kumatengera msinkhu wa munthu:

- masentimita 150: makilogalamu 42 mpaka 56
- masentimita 156: makilogalamu 45 mpaka 60
- masentimita 166: makilogalamu 51 mpaka 68
- masentimita 175: makilogalamu 57 mpaka 76

Nambalazi si za ana kapena amayi oyembekezera. Kutsika thupi pang'ono nthawi yolima ndi yopalira kumachitika, koma ngati mukuwonda osadziwa chifukwa, makamaka pamodzi ndi chifuwa chosatha, kutuluka thukuta usiku kapena ludzu losatha, kayezetseni. Kunenepa kopitirira nakonso si chizindikiro cha kupeza bwino, chifukwa kumaitana matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Mayi wosakwana masentimita 145 ali pa chiopsezo chovutika pochira, choncho akadikirire ku chipatala nthawi ikayandikira.

Ganiziraninso za katundu amene timasenza. Thumba la makilogalamu 50 likufanana ndi thupi lonse la mayi wamkulu. Ndowa ya malita 20 ndi makilogalamu 20, kuposa kulemera kwa mwana wa zaka zisanu. Mwana apatsidwe kachigubu kolingana ndi msinkhu wake, ndipo mayi woyembekezera athandizidwe.

Mafunso okambirana

1. Chaka chathachi munagulitsa chiweto mwezi uti, ndipo mtengo anatchula ndani?
2. Kodi gulu lathu lingasonkhe bwanji kuti ligule sikelo yopachika ndi tepi, ndipo azisunga ndani?
3. N'chiyani chimalepheretsa mabanja a m'mudzi mwathu kupitiriza sikelo mwana akamaliza katemera? Abambo angathandizepo chiyani?
4. Pa soya ndi mtedza umene tinakolola, tinasunga wochuluka bwanji wodya pakhomo?

Ntchito ya kunyumba

Tsegulani tsamba m'kope lanu ndipo mulembe mizere isanu: tsiku, dzina kapena maonekedwe a chiweto, chifuwa, kutalika, makilogalamu. Yezani ziweto zanu zosachepera ziwiri sabata ino, ndipo muzibwereza tsiku lomwelo mwezi uliwonse mpaka tidzamalize sukulu yathu. Funani khadi la kusikelo la mwana aliyense wosakwana zaka zisanu pakhomo panu, muone tsiku limene anayezedwa komaliza. Ngati padutsa mwezi, funsani alangizi a zaumoyo tsiku la sikelo yotsatira ndipo mupite naye.

Tikadzakumananso, aliyense abwere ndi kope lake. Tidzayamba ndi kumva nambala zanu tisanalowe m'munda.